Tifunseni za Mapepala Amene Tinataya

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za ntchito ya ife amene timajambula pamanja zithunzi za m'mabuku, m'magazini ndi m'nyuzipepala. Ndaona kuti atolankhani akamacheza ndi munthu wa ntchito imeneyi, mafunso awo nthawi zambiri amakhala awiri okha: anazindikira liti kuti ali ndi luso, ndipo maganizo a zimene amajambula amawatenga kuti. Mafunsowa si oipa, koma amasiya wowerenga akuganiza kuti chithunzi chimangotsika chokha kuchoka m'mutu mwa munthu wamwayi n'kudzakhala papepala. Ine ndimakhulupirira kuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kupenyetsetsa zinthu komanso kuweruza zimene dzanja lako lachita, ndipo zimenezi n'zimene owerenga, makamaka achinyamata amene akufuna kuyamba kujambula, ayenera kumazimva.

Ntchito imayambira pa kuwerenga. Wojambula akalandira nkhani kuchokera kwa mlembi, amaiwerenga mobwerezabwereza, ndipo chimene amafufuza ndi malo amene mawu asiya osanena. Tiyerekeze kuti mlembi wangolemba kuti mwana anadikira mayi ake pakhomo. Chiganizo chimenechi sichinanene ngati kunja kuli dzuwa kapena kwayamba kuda, ngati mwanayo waima kapena wakhala pansi, ngati akuyang'ana kunjira kapena waweramitsa mutu. Wojambula ndiye ayenera kusankha, ndipo ayeneranso kusankha pamene wowerenga aimirire. Akamuika wowerenga pansi, pa msinkhu wa mwanayo, chitseko chimaoneka chachitali ndipo timamva mantha ake ngati athu. Akamuika m'mwamba, mwanayo amachepa pakati pa bwalo lalikulu ndipo chimene timamva ndi kusungulumwa kwake. Mawu a mlembi sanasinthe, koma nkhani zatuluka ziwiri. N'chifukwa chake chithunzi chimene chimangobwereza zimene mawu anena kale ndimachiona ngati ntchito yosamalizidwa, ngakhale chitakongola bwanji.

Pambuyo pake pamabwera malire a pepala. Mabuku ambiri a zithunzi a ana amakhala ndi masamba 32, chifukwa osindikiza amadinda pa mapepala akuluakulu amene amawapinda kuti atulutse masamba 8 kapena 16 nthawi imodzi. Mukachotsapo masamba a mutu wa buku ndi ena oyambirira, nkhani yonse iyenera kukwana pa masamba oyang'anizana pafupifupi 14. Wojambula amayamba ndi tizithunzi ting'onoting'ono ta pensulo, tosakongola n'komwe, kuti aone buku lonse pa pepala limodzi, kenako amapinda mapepala n'kupanga kabuku koyeserera kuti amve ndi manja ake mmene nkhani ikuyendera munthu akamatembenuza tsamba. Apa ndi pamene amaphunzira kusiya funso kumapeto kwa tsamba la kumanja n'kubisa yankho kuseri kwake, ndiponso kupewa kuika nkhope ya munthu pakati penipeni pa buku, pamene masamba amasokedwa, chifukwa theka la nkhopeyo lingamezedwe. Ambiri mwa mapepala a nthawi imeneyi amathera m'bini, koma chithunzi chimene owerenga amadzachiyamikira chimakhala chitabadwira pa mapepala omwewo.

Tsopano ndifike pa funso lija la kumene maganizo amachokera, chifukwa ndi pamene ndimaona kuti anthu ambiri amasocheretsedwa. Mbiri ya ojambula odziwika imasonyeza kuti gwero lawo linali kuyang'ana chinthu chenicheni kwa nthawi yaitali. Maria Sibylla Merian, mayi wobadwira ku Frankfurt m'dziko la Germany m'chaka cha 1647, ankaweta mbozi kuti aone ndi maso ake mmene zimasinthira kukhala agulugufe, pa nthawi imene anthu ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangotuluka m'matope. M'chaka cha 1699, ali ndi zaka 52, anakwera sitima yapamadzi pamodzi ndi mwana wake wamkazi kupita ku Suriname, dziko la ku South America, ndipo zimene anaona kumeneko anazisindikiza mu 1705. Chimene chimandigwira mtima pa zithunzi zake n'chakuti kachilombo kalikonse anakajambula pa chomera chimene kamadya, ndipo masamba odyedwa anawasiya ndi zibowo zake, osawakonza kuti aoneke bwino. Munthu sangapeke zibowo zotere ali khale pampando. Ayenera kuti anakhala pafupi ndi tsambalo mpaka mboziyo itadya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yathu mawuwa ndi oona monga mmene alili.

Chimodzimodzinso Beatrix Potter wa ku England, amene nthano yake ya kalulu inatuluka mu 1902. Asanatchuke ndi mabuku a ana, iye ankaweta akalulu ndi mbewa n'kumazijambula, ndipo anajambula mitundu yambiri ya bowa mosamala kwambiri moti mu 1897 zimene anafufuza zinaperekedwa ku bungwe la akatswiri a zachilengedwe la Linnean Society ku London. Akalulu ake amavala majekete, koma miyendo, makutu ndi kakhalidwe kawo n'ka kalulu weniweni, ndipo mwana amakhulupirira jeketelo chifukwa thupi limene lili mkati mwake ndi loona. Ngakhale Leonardo da Vinci, katswiri wojambula wakale wa ku Italy, polangiza ophunzira za mmene angadzutsire maganizo, anawauza kuti aziyang'ana makoma othimbirira, phulusa ndi mitambo, kuti m'menemo aonemo mapiri, nkhope ndi nkhondo. Taonani kuti ngakhale malangizo a zinthu zongoganizira akuyambira pa diso.

Ndikutsindika mfundoyi chifukwa masiku ano wophunzira akafuna kujambula dzanja kapena mtengo, chinthu chapafupi n'kutsegula foni n'kuona mmene ena anajambulira pa intaneti. Kutengera ntchito za akatswiri ndi njira yakale yophunzirira, ndipo sindikuiletsa. Vuto limabwera pamene munthu wazolowera kujambula kuchokera ku zojambula za ena zokhazokha, osabwereranso ku chinthu chenichenicho, chifukwa zikatero amatengera ngakhale zolakwa za mnzake, ndipo mapeto ake timaona maso ofanana, manja ofanana ndi kumwetulira kofanana m'mabuku a anthu amene sanakumanepo. Kabuku kojambulamo kamene munthu amayenda nako m'thumba n'kofunika pa chifukwa chimenechi. Mmenemo mumalowa kaimidwe ka munthu wotopa, mmene nsalu imapindikira pachigongono, mmene galu amagonera kukatentha, ndipo zinthu zimenezi zimadzatuluka patapita zaka, pa nkhani imene sunaiyembekezere.

Gawo limene silikambidwa kawirikawiri ndi la kudziweruza. Diso likayang'ana chithunzi kwa maola ambiri limachizolowera, ndipo limasiya kuona kuti phewa lapendekeka kapena kuti mutu wakula kuposa thupi. Ojambula anapeza kale njira zolinyengera diso kuti lionenso mwatsopano. Leon Battista Alberti wa ku Italy, polemba za luso lojambula mu 1435, analangiza kuti munthu aziyang'ana ntchito yake pagalasi, popeza chithunzi chikatembenuzidwa zolakwa zake zimaonekera poyera. Lero amene amajambula pa kompyuta amachita zomwezo potembenuza chithunzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ena amachiika patali n'kuchiyang'ana atatsinzinira pang'ono kuti aone ngati kuwala ndi mthunzi zagawidwa bwino, ena amachibisa usiku wonse n'kudzachiona m'mawa. Palinso kuweruza kumene makina osindikizira amatikakamiza, chifukwa iwo amasakaniza inki za mitundu inayi yokha, ndipo mtundu umene umawala pa sikirini ukhoza kutuluka wozimiririka papepala.

Komabe pali kusiyana pakati pa kuweruza chithunzi ndi kudzinyoza, ndipo achinyamata ambiri aluso amasiya ntchitoyi chifukwa palibe amene anawafotokozera kusiyanaku. Funso lakuti kodi ndine wojambula wabwino lilibe yankho limene lingathandize dzanja. Mafunso othandiza ndi okhudza pepala limene lili patsogolo pako: kodi diso la wowerenga likuyamba kugwera pati, kodi ndi pamene ndimafuna, kodi mwana amene sanayambe kuwerenga angathe kunena chimene chachitika pa tsambali, kodi mzere uwu ukugwira ntchito yanji. Katsushika Hokusai, wojambula wa ku Japan, amene anabadwa mu 1760, analemba mu 1834 kuti pa zonse zimene anajambula asanakwanitse zaka 70 panalibe chimene ankachiona kukhala chofunika kuchitchula, ndipo kuti pa zaka 73 m'pamene anayamba kumvetsa pang'ono kapangidwe ka mbalame, nyama, tizilombo ndi nsomba komanso kakulidwe ka zomera. Ena amawerenga mawuwa ngati kudandaula, koma ine ndimaonamo munthu wokhala ndi chiyembekezo, chifukwa anapitiriza kunena zimene ankayembekezera kudzakwanitsa akadzafika zaka 90 ndi 100, ndipo anajambulabe mpaka imfa yake mu 1849. Ankadziwa chimene chikusowa m'ntchito yake, ndipo kudziwako n'kumene kunkamubwezera patebulo.

Nkhani ya sitayelo, imene imasowetsa tulo oyamba kumene, imathera pomwepa. Kajambulidwe kako kamadziwika chifukwa cha zimene umasankha mobwerezabwereza ndi zimene umakana, ndipo sikafunika kukasakasaka. Amene ali pangozi yaikulu ndi wojambula amene watchuka kale, chifukwa akonzi ndi ogula amamupempha chinthu chomwe chija anachiyamikira poyamba, ndipo akapanda kusamala amayamba kudzikopera yekha.

Chimene chandikakamiza kulemba tsopano ndi kubwera kwa mapulogalamu a kompyuta amene amatulutsa zithunzi munthu akangolemba mawu ochepa. Mapulogalamu monga Midjourney ndi Stable Diffusion anafalikira mu 2022, ndipo mu January 2023 ojambula ena anakasuma kukhoti ku California ponena kuti zithunzi zawo zinagwiritsidwa ntchito pophunzitsa makinawo iwo asanavomereze. Za milandu ndizisiya m'manja mwa makhoti. Nkhawa yanga ndi yakuti ngati anthu azolowetsedwa kuganiza kuti ntchito ya wojambula ndi chithunzi chomalizidwa chokha, sadzaona chifukwa cholipirira munthu pamene makina akutulutsa chinthu chosalala m'kanthawi kochepa. Chimene wosindikiza amagula kwa wojambula ndi munthu amene wawerenga nkhaniyo, wapita kukaona chinthucho, wayesa njira zingapo n'kutaya zosayenera, ndipo angathe kufotokoza chifukwa chimene mwana uja wamukhazika pansi m'malo momuimika. Ngati mbali imeneyi ikhala yobisika, ndiye kuti mtengo wake nawonso ubisika.

M'maiko ambiri ntchitoyi inapatsidwa kale ulemu wake. Chionetsero cha mabuku a ana cha ku Bologna ku Italy chinayamba mu 1964, ndipo kuyambira mu 1967 chimakhala ndi gawo la ojambula okhaokha. Mphotho ya mabuku a ana ya Hans Christian Andersen inayamba kuperekedwa kwa ojambula mu 1966, pambali pa ya alembi. Nyuzipepala ingathe kuchita mbali yake popanda kuwononga ndalama. Ndikupemphani, Akonzi, kuti dzina la wojambula lizilembedwa pansi pa chithunzi chilichonse, ndipo olemba ndemanga za mabuku azimutchula pamodzi ndi mlembi n'kunenapo za ntchito yake. Mukapatsa munthu ntchito yojambula, muzimupatsa nkhani yonse kuti aiwerenge komanso nthawi yoti ayese kangapo. Ndipo mtolankhani wanu akadzapita kukacheza ndi wojambula, adzamupemphe kuti atulutse tizithunzi ta pensulo timene anayambira, adzatisindikize pambali pa chithunzi chomalizidwa, kenako adzamufunse chimene anachiona pa kachithunzi koyamba kuti akasiye n'kuyamba kena.

Ine wanu,
Wojambula zithunzi za m'mabuku