Lipoti la msonkhano wa achinyamata ku Likhubula

Atcheyamani, makolo otiyang'anira, ndi achinyamata anzanga,

Msonkhano munanditumawu unachitikira ku Likhubula House, munsi mwa phiri la Mulanje. Za ulendo ndi chakudya zinayenda bwino, ndipo malisiti ndapereka kwa asungichuma.

Funso lalikulu linali lakuti: choonadi timachidziwa powerenga Baibulo patokha, kapena pomvera zomwe mpingo waphunzitsa? Mnyamata wina wa ku Thyolo ndiye anayatsa moto. Anawerenga Machitidwe 17:11, pomwe a ku Bereya ankafufuza m'Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati Paulo akunena zoona. "Ngati Paulo ankamufufuza, abusa athu ndiye tiwasiye?" M'manja munalira holo yonse.

Abusa otsogolera phunziro sanakwiye. Anavomera kuti Martin Luther, ataimikidwa pa bwalo ku Worms, m'dziko la Germany, mu 1521, anakana kubweza mawu pokhapokha atamutsutsa ndi Malembo, ndipo ife a CCAP tinaphuka pa tsinde lomwelo. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Buku Loyera mu 1998, kuti aliyense aziwerenga yekha. Koma anatitsegulitsanso Machitidwe 15. Mkangano wa mdulidwe Paulo ndi Barnaba sanaumalize awiriwiri ku Antiokeya. Anakautula kwa atumwi ndi akulu ku Yerusalemu. Anatikumbutsanso za Elliot Kamwana, yemwe anabatiza anthu ambirimbiri ku Nkhata Bay polalikira kuti Ufumu ufika mu 1914. Naye ankagwira Baibulo m'manja.

Kwa ine, zenizeni zinatuluka m'magulu Loweruka usiku, akuluakulu atapita kukagona. Mtsikana wina wothyola tiyi anati azakhali ake anasiya kumwa ma ARV mneneri wina atawawerengera vesi limodzi lokha la machiritso, ndipo pano ali gone. Titafunsana chomwe chimatengera anthu kumeneko, ambiri anayankha zofanana: kutchalitchi ukafunsa za chakhumi kapena za ubatizo wa ana, amangokuuza kuti "ndi mwambo wa mpingo", basi. Mneneri wa pa WhatsApp amayankha usiku womwewo. Apa ndikupempha makolo mundimve bwino, sindikunyoza. Wachinyamata amene mwamutseka pakamwa sasiya kufunsa, amangosintha womufunsa.

Tinagwirizana kuti mpingo uliwonse ukhale ndi phunziro la Baibulo sabata ndi sabata, kuwerenga mutu wonse osati kuthyola vesi, ndipo pakhale mkulu wa mpingo woti tizimufunsa momasuka. Lomukanika azipita nalo kwa abusa, yankho libwere sabata yotsatira. Ena anafuna tiletse kutumizirana maulaliki a aneneri pa gulu lathu la WhatsApp. Ine ndinakana, chifukwa adzangotumizirana kumbali. Kuli bwino tiziwamvera limodzi Baibulo lili chitsegulire. Mfundoyi anaisiya kuti mpingo uliwonse uone wokha, ndiye tikambirane Lachitatu.

Kalata yopempha Seshoni, bwalo la akulu a mpingo, kuti itipatse mkulu ndalemba kale, yatsala siginecha ya atcheyamani. Amene alibe Baibulo apereke dzina kwa alembi Lamulungu lisanafike.

Ine nthumwi yanu.