Lipoti la ulendo wa ku Ndola pa msonkhano wokumbukira asilikali

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo a gulu lathu la kuno ku Matero, ndabwerako ku Ndola kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a Msungichuma, choncho amene akhala akunong'ona kuti ndinapita kukadya ndalama za gulu apite akawaone okha. Ya chakudya inatha msonkhano usanathe, ndinaonjezera ya m'thumba mwanga, koma sindikupempha kuti mundibwezere.

Kunasonkhana magulu a m'mipingo ndi a m'makomboni amene ali ndi mabanja otaya ana ku usilikali. Ife anatiitana chifukwa cha mwana wathu uja amene anafera kunja pa ntchito yosungitsa mtendere. M'mawa wonse woyamba unathera pa malonje ndi kusankha alembi. Panalinso gawo la malamulo oyendetsera magulu, mapepala ake ndili nawo kwa amene akuwafuna.

Chimene ndinapitira ndinachipeza madzulo, pamene bambo wina wopuma usilikali anaimirira n'kufotokoza za Chancy Chitete, msilikali wa ku Malawi. Mu Novembala 2018, asilikali a Malawi ndi Tanzania otumikira pansi pa United Nations analimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo. Zipolopolo zikugwa, Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Ali Khamis Omary, atavulala ndipo sakutha kuyenda. Anabwerera, namukokera pobisalika, ndipo anawomberedwa ali mkati momumanga mabala. Omary anapulumuka. Pa nkhondo imeneyo Amalawi asanu ndi mmodzi anafa. Mu Meyi 2019 mkazi wa Chitete anakalandira ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne kuchokera kwa António Guterres, mlembi wamkulu wa United Nations. Diagne anali msilikali wa ku Senegal amene anaphedwa ku Rwanda mu 1994 atapulumutsa anthu ambiri, ndipo kupatula banja lake, Chitete ndiye anali woyamba kupatsidwa menduloyi. Bamboyo ankafotokoza ngati analipo, mpaka amayi ena a ku Chipata anayambitsa nyimbo ya maliro osapemphedwa. Ine chimene chinandikhudza n'chakuti Chitete analibe udindo uliwonse, anali msilikali wamba ngati mwana wathu, koma dzina lake likutchulidwa ndi anthu amene sanamuonepo. Nanga ife, amene tinamuona wathuyo akusewera mpira pa bwalo la sukulu, tinalitchula liti dzina lake pa msonkhano wa gulu chiikireni maliro?

Anatitengeranso kunja kwa Ndola kumene inagwera ndege ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, mu Seputembala 1961, akupita kukakambirana ndi Moïse Tshombe, mtsogoleri wa chigawo cha Katanga ku Congo, za nkhondo ya kumeneko. Anthu 16 anafa pa ngoziyo. Mendulo imene amapereka kwa mabanja a osungitsa mtendere amene afera pa ntchito ili ndi dzina lake. Ambirife takhala tikudutsa Ndola popita ku Kitwe osadziwa kuti malowa alipo. A Sande Sukulu aganizirepo.

Tsopano zimene msonkhano unagwirizana. Choyamba, gulu lililonse lizigula nkhata ya maluwa mwezi wa Novembala, ndipo ife a mu Lusaka tizikaika ku Cenotaph, chipilala chokumbukira asilikali ofera ku nkhondo. Ndinakweza dzanja kukana, ndipo tinali ochepa. Sindikunyoza mwambowo ayi. Koma uja ndi wa dziko lonse, wokumbukira kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa 11 Novembala 1918, ngakhale kuti kuno kwathu Ajeremani a von Lettow-Vorbeck anatula zida ku Mbala pa 25 Novembala. Agogo athu ambiri anafa pa nkhondoyo atasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga, ndipo lero ndani angatchule dzina la mmodzi? Anakumbukiridwa onse pamodzi mpaka aliyense anasowa. Sindikufuna mwana wathu alowe m'gulu limenelo. Ndinapempha kuti magulu azikhalanso ndi tsiku lawolawo, kaya pa 29 Meyi, lomwe ndi tsiku la osungitsa mtendere a United Nations, pomwe mayi a mwana angakhale kutsogolo, dzina n'kuwerengedwa mokweza. Anati gulu lililonse lione lokha. Ndiye tione.

Chachiwiri ndicho chandivuta kulemba. Mayi wina wodziwa malamulo anafotokoza lamulo la 1989 logawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilu: magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo, 10 a ena amene ankadalira malemu. Katundu wa m'nyumba ndi wa mkazi ndi ana. Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse lisankhe anthu awiri operekeza amayi amasiye pa nkhani zotere. Ndinavomera ndi manja awiri, koma ndinakhala pansi mwamanyazi. Tonse tikudziwa kuti filiji, bedi ndi makina osokera zinatuluka m'nyumba ya mwana wathu uja usiku, maliro asanathe n'komwe, ndipo ena mwa ife tinathandiza kukweza pa galimoto poti anati ndi zakubanja. Mkazi wake uja tsopano akugulitsa tomato ku Soweto Market, mwana ali kumbuyo. Tikagule maluwa a bambo ake a mwanayo pamene iye akugona pansi?

Ndipo poti ndayamba, nditsirize. Tinasonkha ndalama ya chiliza, aliyense analembedwa m'buku. Mvula yagwa n'kutha, manda akadali mulu wa dothi. Ndikafunsa amati simenti yakwera mtengo. Inde yakwera, nanga ndalamayo ili kuti? Sindikuloza munthu chala, koma amene anafunsa malisiti anga ndisanatsike n'komwe basi afunsenso ndi mphamvu yomweyo za buku limenelo. Mayi a malemu amabwera pa msonkhano uliwonse, amapereka chopereka chawo, sanafunsepo. Kusafunsa kwawoko sikutanthauza kuti anaiwala.

Gawo lomaliza linali la kusankha malo a msonkhano wa chaka chamawa, ndipo anangokangana osagwirizana.

A Tcheyamani, ndikupempha kuti Loweruka likubwerali buku la chiliza libwere patebulo tisanakambe za nkhata. Tisankhenso anthu awiri aja, mmodzi akhale mayi. Mkazi wa malemu aitanidwe ndi kalata ya gulu, osati uthenga wapakamwa, ndipo ya minibasi yake ndilipira ine.