Kwa Tadala, usanayambe Control Systems

Dwangwa, Nkhotakota

Mwananga Tadala,

Kuno tadzuka bwino, mayi ako akupereka moni. Ndaona ndondomeko ya maphunziro yomwe unatumiza pa WhatsApp, komanso mawu ako oti anzako ku MUBAS akuti Control Systems ndi phunziro logwetsa anthu. Ine ku yunivesite sindinapondeko, koma ndakalambira pa boyila ya fakitale ya shuga, choncho undimvere pang'ono.

Ukukumbuka tsiku lija amalume ako anakusiyira chiwongolero cha boti pa Chia? Boti litapatukira kumanja unakankha, silinamve msanga, unawonjezera mphamvu, kenako linapitirira kumanzere. Tinayenda ngati njoka mpaka kugombe. Phunziro lakoli lagona pamenepo: kuyeza pomwe uli, kufanizira ndi pomwe ukufuna, n'kukonza, uku makinawo akuchedwa kukumvera. Injiniya wina kuntchito anandiuza kuti PID, njira yowongolera makina yomwe tinkaiona pa bolodi, inafotokozedwa ndi Nicolas Minorsky mu 1922, ataonerera anthu oyendetsa sitima zapamadzi. Woyendetsa wodziwa amaona kuti wapatuka motani, wakhala chipatukire nthawi yaitali bwanji, ndiponso akupatuka mwaliwiro lotani. Amalume ako amachita zonse zitatu osadziwa dzina lake.

Komabe sabata zoyamba usayembekezere kugwira waya. Kudzakhala masamu: ma differential equation, Laplace transform, kenako transfer function. Ngati a chaka chatha unangowaloweza kuti ukhoze mayeso, uwabwereze tchuthi chisanathe, chifukwa mphunzitsi sadzabwerera m'mbuyo kukudikira. Upezenso anzako awiri kapena atatu osaseweretsa nthawi, muzisovera limodzi.

Chomwe ndikufuna usaiwale ndi ichi. Pa boyila, fakitale ikakoka nthunzi yambiri mwadzidzidzi, madzi a m'dramu amatutuma ndi thovu, ndipo geji imaonetsa ngati akwera, chonsecho akutha. Ndili mnyamata ndinaikhulupirira gejiyo n'kuchepetsa madzi, mwamwayi mkulu wina anandigwira dzanja zisanaipe. N'chifukwa chake boyila yaikulu imayeza zitatu: mlingo wa madzi, nthunzi yotuluka ndi madzi olowa. Pa kompyuta yako sensa, chipangizo choyezera, idzakhala yonena zoona nthawi zonse. Kufakitale kuli fumbi, dzimbiri ndi mavavu ouma. Ndiye ukadzapita ku attachment, ukhale pansi ndi ma opareta, uziwafunsa mwaulemu. Ndinaonapo achinyamata obwera ndi madigiri akunyoza anthu amene amazindikira vuto la pampu pongomva kulira kwake, ndipo zinkandiwawa.

Makalata ofunsira malo ulembe msanga. Usangoganiza za shuga yekha. A EGENCO ku Nkula ndi ku Tedzani ntchito yawo ndi yomweyi, kusunga magetsi pa mlingo wake wa 50 Hz pamene anthu akuyatsa ndi kuzimitsa zinthu, ndipo ku Salima kuli sola ya 60 MW yomwe inayamba mu 2021.

Za laputopu yotha kunyamula pulogalamu ya masamu ya MATLAB takambirana ndi mayi ako. Tigulitsa matumba a mpunga mwezi wamawa mitengo ikakwerako, pakadali pano uzigwiritsa za ku labu. Usakongole kwa akatapila. Usipa takupatsira pa basi ya Lachisanu, ukaulandire ku Wenela.

Ndine bambo ako.