Kwa mnzanga wa ku Franschhoek, kandulo isanathe

Dedza, Lachitatu usiku

Aise,

Yohane wafika Loweruka ndi kalata yako pamodzi ndi nsapato zija. Zandikwana, kungoti ya kumanzere ikundiluma kachala, koma alamu ako akuti ifewa ndikayendera. Zikomo kwambiri, Mulungu abwezere pomwe wachotsapo. Envulopu ya mayi ako ndakapereka ndekha Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta, chisanu cha kuno ukuchidziwa.

Magetsi azima kuyambira masana, ndiye ndikulemba ndi kandulo, ndipo ndi yomaliza m'nyumba muno. Zilembo zikamapendama usati ndalawa vinyo wanuyo.

Ukuti kumene ukugwira ntchitoko, ku Franschhoek ku South Africa, mafamu ndi La Motte, La Provence, azungu ake ndi a Du Toit, a De Villiers, a Le Roux, koma palibe ndi mmodzi yemwe woyankhula Chifalansa, ndiye "aphunzitsi tatiuzani." Iwe amene unkawodzera pa benchi ya kumbuyo nthawi ya History mpaka dovu pa kope, lero ukufuna History? Wachita bwino kufunsa. Nkhani yake yandikhala pamtima sabata yonse, ndipo chifukwa chake ndikuuza kumapeto pepala likalola.

Makolo a azungu akowo anathawa munthu mmodzi, mfumu ya ku France, Louis XIV. M'mabuku amamujambula atavala tsitsi lalitali, mwendo patsogolo, ngati munthu amene sanaonepo vuto. Ine ndikamuganiza ndimaona kamwana ka mantha. Analowa ufumu mu 1643 ali ndi zaka 4. Dziko ankayendetsa ndi mayi ake, Anne, pamodzi ndi Kadinala Mazarin. France inali pa nkhondo ndi Spain, nkhondo imafuna ndalama, ndipo ndalama za mfumu ndi msonkho basi. Mu 1648 oweruza akuluakulu a ku Paris anakana misonkho yatsopano, anthu anatchinga misewu, kenako akalonga ndi mabwana a mabanja otchuka nawo anadzuka, aliyense ndi asilikali akeake. Chipwirikiticho amachitcha Fronde, kutanthauza gulaye, ndipo chinatha mu 1653. Mu January 1649 anamuzembetsa mwanayo usiku kupita ku Saint-Germain, m'nyumba yopanda katundu, akuluakulu ambiri n'kugona pa udzu. Mwezi womwewo tsidya la nyanja Angerezi anadula mutu mfumu yawo, Charles I, amene anali mwamuna wa azakhali ake enieni a Louis.

Koma chimene chimandigwira ndi cha mu February 1651. Mphekesera inamveka yoti mfumu akufuna kuithawitsanso, chikhamu cha anthu n'kuunjikana pa nyumba yachifumu kuti chione ndi maso ngati ilimo. Mayi ake anati atsegulireni. Anthu a mumsewu analowa mpaka kuchipinda, n'kumasuzumira pa bedi, mnyamata wa zaka 12 ali phee, maso tsinzi, kunamizira tulo. Taganiza, aise, ukumva mapazi a anthu osawadziwa akuzungulira bedi lako, ndipo ukudziwa chomwe chinawachitikira amuna a azakhali ako. Mwana wotere akakula sakhulupiriranso munthu.

Mazarin atamwalira mu March 1661, onse ankadikira kumva nduna yaikulu yatsopano. Louis, ali ndi zaka 22, anati sipakhalanso nduna yaikulu, alamulira yekha, ndipo pasapezeke wosayina kalata iliyonse iye asanalole. Panali bwana woyang'anira chuma cha dziko, Nicolas Fouquet, amene anamanga chinyumba chodabwitsa ku Vaux-le-Vicomte. Mu August chaka chomwecho anaitanira mfumu ku phwando, akuganiza kuti akuisangalatsa. Pasanathe masabata atatu anamangidwa. Khoti linagamula kuti apirikitsidwe m'dziko, koma mfumu inasintha chigamulocho n'kuti ndende moyo wonse, ndipo anafera komweko ku Pignerol mu 1680. Amisiri amene anamumangira nyumba ija, Le Vau, Le Brun ndi Le Nôtre wa maluwa, mfumu inawatenga onse kuti akamange Versailles, pamalo a lowe pamene bambo ake anali ndi kanyumba kofikirapo akamapita kosaka.

Ndadukiza pang'ono, mbuzi za a Sikelo zinalowanso m'dimba. Kabichi yense wa kumunsi zamudya mitima. Ndawauza kanayi konse kuti azimange, amangoti "tiona, aphunzitsi." Mbewu ndinagula yodula, manyowa ndinachita kututa pa njinga. Sindikufuna kukafika kwa amfumu chifukwa cha kabichi, koma akundikakamiza.

Tibwerere. Mu 1682 Louis anasamutsira boma lonse ku Versailles, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Paris, kutali ndi misewu ija. Za chipinda cha magalasi 357 mwina unazionapo pa foni, zimenezo sizindikhudza kwenikweni. Chondikhudza ndi mmene anawaweta mabwana aja. Anthu omwewo amene makolo awo ankadzutsa nkhondo, iye sanawaphe. Anawaitana kuti adzakhale naye. M'mawa uliwonse mfumu ikamadzuka, anthu ankalowa kuchipinda m'magulumagulu potsata ulemerero wawo, kudzaonerera ikusamba m'manja ndi kuvala. Wopereka malaya ankakhala wamkulu kuposa onse amene alipo. Azimayi ankachitirana kaduka chifukwa cha kampando kopanda poyedzamira, poti ndi owerengeka okha ankaloledwa kukhala pansi pamaso pa mfumukazi, ena onse chilili. Ndiye usiku, mfumu ikamakagona, inkayang'ana uku ndi uku n'kutchula dzina la munthu mmodzi woti agwire choikapo kandulo. Munthuyo ankavula gulovu, n'kuima poteropo kandulo ili m'manja, ndipo mawa lake nyumba yonse inkakamba za iye. Munthu wa minda yosaoneka malire, wolamula asilikali ku nkhondo, mtima uli dyokodyoko kudikira ngati lero amutchule kuti agwire kandulo!

Ndikuyang'ana yangayi pano, ndaimata pa sosala, phula likutsikira pa tebulo, ndipo ndikulephera kuseka. Chifukwa sizinali zamasewera. Maudindo, penshoni, ukwati wabwino wa mwana wako, zonse zinkachokera m'dzanja limodzi. Ukakhala kumudzi kwako osaonekera, wina akakupemphera kanthu mfumu inkangoyankha kuti munthu ameneyo sindimuona, basi nkhani yako yathera pomwepo. Ndiye ankakhala pomwepo, kugula zovala zodula, kutchova juga, kulowa m'ngongole, ngongoleyo n'kuwamangiriranso kwa mfumu yomweyo. Ali kalikiliki ndi kandulo, ntchito yeniyeni inkagwiridwa ndi anthu ena, monga Colbert, mwana wa banja la amalonda a ku Reims, ndi akazembe amene mfumu inkatumiza m'zigawo kukayang'anira msonkho ndi milandu. Amenewa analibe asilikali awoawo, inkatha kuwachotsa tsiku lililonse. Msonkhano waukulu wa nthumwi za dziko unakumana mu 1614, osakumananso mpaka 1789. Ndipo Bishopu Bossuet ankaphunzitsa kuti mfumu imaikidwa ndi Mulungu, woifunsa ndi Mulungu yekha.

Ana a Fomu 3 ndikawauza zimenezi amandiyang'ana modabwa. Mtsikana wina anandifunsa kuti, "Sala, nanga mbumba yake inali kuti?" Funso lanzeru kuposa a m'mayeso. Kwathu kuno mfumu amakhala pansi azimayi a banja n'kuisankha, pa bwalo imakhala ndi nduna zake, ndipo tonse tinakula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga. Si kuti mafumu athu ndi angelo ayi, nkhani za malo ukuzidziwa. Koma munthu wopanda womudzudzula ngakhale mmodzi, anawa zimawavuta kumvetsa. Ndimawauza kuti Louis sanali yekha, mafumu a ku Prussia ndi Peter wa ku Russia ankapita njira yomweyo. Mfuti ndi mizinga zinadulitsa nkhondo, moti wotha kusonkhetsa msonkho dziko lonse ndi amene ankatsala chilili.

Ndipo msonkhowo sunkagwera a kandulo aja. Msonkho waukulu wotchedwa taille mabwana ndi ansembe ambiri sankalipira, unkagwera mlimi. Panalinso msonkho wa mchere, m'zigawo zina munthu ankakakamizidwa kugula mlingo wakutiwakuti chaka chilichonse, afune asafune. Nkhondo zinkangotsatizana, mpaka mu 1689 mfumu inasungunula mipando ndi matebulo ake a siliva kuti ilipire asilikali. Mu 1693 ndi 1694 kunagwa njala, ndipo anthu oposa 1 miliyoni anafa ndi njalayo ndi matenda. Ife a 2002 tikudziwa kununkha kwa chaka chotero, sindikufuna kukukumbutsa zambiri.

Tsopano azungu ako. Ku France kunali Apulotesitanti, ankawatcha ma Huguenot. Agogo ake a Louis, Henri IV, anawapatsa ufulu wopembedza mu 1598 ndi lamulo la ku Nantes. Koma munthu amene wazolowera kuti aliyense amuyang'ane kumaso sapirira kuona ena akugwada mwa njira yawoyawo. Kuyambira 1681 anayamba kugoneka asilikali m'nyumba zawo. Asilikali ankadya nkhokwe yonse, kuswa katundu, kuwaletsa eni nyumba tulo usiku ndi usana mpaka atavomera kusintha mpingo. Mu October 1685 anafafaniza lamulo la agogo ake lija. Matchalitchi anagwetsedwa, abusa anapatsidwa masiku 15 kuti atuluke m'dziko, koma nkhosa zawo zinaletsedwa kutuluka, mwamuna akagwidwa pa malire ankamutumiza kukapalasa zombo za mfumu atamangidwa unyolo. Komabe anthu pafupifupi 200,000 anazemba, kupita ku Holland, England, Brandenburg ndi Switzerland. Mwa amene anafika ku Holland, kagulu ka anthu pafupifupi 200 kanakwera zombo za kampani ya Adatchi n'kufika ku Cape cha mu 1688. Bwanamkubwa Simon van der Stel anawagawira minda, ndipo chigwa chimene chinkatchedwa Olifantshoek, poti munkadya njovu, chinasanduka Franschhoek, ngodya ya Afalansa. Mafamu anawatcha mayina a kwawo chifukwa chopukwa, monga mmene iwe unalembera "Bembeke" pa chitseko cha kachipinda kako. Kampaniyo inawasakaniza dala ndi alimi a Chidatchi, sukulu ndi tchalitchi n'kukhala m'Chidatchi, moti adzukulu awo Chifalansa anali atachiiwala. Anatsala ndi mayina okha.

Ukapita pa chipilala chawo chija kumapeto kwa msewu waukulu, uwamvere chisoni, anavutikadi. Koma ukumbukirenso kuti dziko limene anapatsidwalo linali msipu wa ng'ombe za Akhoikhoi, ndipo m'minda ya mpesayo munadzagwira ntchito akapolo. Chaka chomwecho cha 1685 Louis anasayinanso lamulo la ukapolo la m'zilumba zake za nzimbe. Zimenezi m'timabuku ta alendo odzalawa vinyo mwina salembamo.

Mayi ako nditawafotokozera pang'ono Lamulungu lija, anangoti, "Ngati a Mboni." Anakhala chete kanthawi, kenako n'kuyamba kutchula mabanja a m'mudzi mwanu amene anathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Akuti nkhuku zawo zinkangoyendayenda pabwalo mpaka anthu anagawana. Sindinawafunse zambiri, maso anali atafiira.

Ha, ndikanaiwala! Mlongo wako wachira Lachisanu, mwana wamwamuna, onse ali bwino. Dzina akudikira iwe. Nabanda nayenso akukwatitsa mwana wake mu September, akuti usayerekeze kubwera chimanjamanja.

Chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Kusukulu kwathu kunabwera ahedi atsopano temu yatha. Si munthu woipa, sakalipa, amapereka moni kwa aliyense. Koma zonse zimadutsa m'manja mwawo: wopita ku wekishopu ya alawansi, wokayang'anira mayeso, wolowa m'nyumba ya sukulu ija ya malata atsopano. Komiti imene inkagawa zimenezi sinakumanenso, ndipo palibe anaithetsa, inangosiya kuitanidwa. Pano m'mawa galimoto yawo ikangolowa pa geti, aphunzitsi akuluakulu, ena a imvi, amatuluka mu stafu rumu liwiro kukalandira chikwama. Chikwama chake chopepuka, mumakhala nyuzi ndi botolo la madzi. Amene wachigwira tsiku limenelo amayenda mapewa m'mwamba mpaka nthawi yoweruka. Anzathu awiri amene ankadyera mbale imodzi kwa zaka 10 sakuyankhulana chifukwa cha chikwama chimenechi. Lolemba ndinali pafupi ndi khomo, galimoto n'kulowa, ndipo ndinangozindikira kuti ndaimirira, mwendo umodzi uli kale panja. Palibe anandituma. Fizi ya Chisomo ndiyo inali m'mutu mwanga, ndi nyumba ya malata ija, poti ino ikudontha mbali ya kuchipinda kwa ana. Ndinabwerera n'kukhala pansi, koma mtima unandiwawa tsiku lonse, ndipo piriyodi yotsatira ndinakaphunzitsa za Versailles mawu akunjenjemera.

Iwenso kumeneko ndikudziwa uli ndi ako okugwiritsa kandulo, suwatchula m'makalata koma ndimamva. Undilembere zoona, usamangoti "tikuyesetsa."

Louis anamwalira pa 1 September 1715 atalamulira zaka 72. Mwana wake ndi mdzukulu wake woyenera kulowa ufumu anali atatsogola kale, ndiye anamubweretsera kamdzukulutuvi ka zaka 5 pambali pa bedi, ndipo akuti anakauza kuti iye anakonda nkhondo mopitirira, kasadzamutsanzire. Ndimafuna ndikufotokozere mmene anthu a ku Paris anachitira maliro ake akudutsa, komanso za ngongole imene anasiya, koma chingwe cha kandulo chagwera m'phula ndipo alamu ako akuti machesi sakuwaona. Yohane akunyamuka ndi basi ya Lachisanu, ndimupatsira ufa pang'ono ndi usipa, chigamba cha jekete lija ndiye sindina