Tochi ya pamsika si nyali ya mumgodi

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo ndilankhule ndi anyamata amene akulowa m'mauna okumba golide ndi malasha atangomanga katochi ka pamsika pachipumi, ena mpaka tochi ya foni, amvekere bola kukuwala. Abale, nyali ya mumgodi sinapangidwire kuwala kokha ayi.

Ku England mu 1812 mgodi wa malasha wa Felling unaphulika nkupha anthu 92, nthawi imeneyo anthu ankalowa pansi ndi makandulo pomwe m'malasha mumatuluka gasi wa methane amene akakumana ndi moto basi zatha. Ndiye mu 1815 katswiri wa sayansi, a Humphry Davy, anapanga nyali yomwe lawi lake analizinga ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono ngati sefa, wayayo amamwa kutentha moti moto sudutsa kukayatsa gasi wa kunja. Koma chimene chimandisangalatsa ine nchakuti nyaliyo inkachenjezanso. Methane akachuluka lawi linkatalika nkuoneka kabuluu pamwamba, mpweya wabwino ukachepa linkafooka kenako nkuzima munthu asanakomoke, iye nkudziwa kuti apa thawa.

Tochi ya LED izi siidziwa. Imawalabe bwinobwino mwini wake atagwa kale pansi, komanso siwichi yake ikhoza kuthetheka, mumgodi wa malasha kuthetheka kamodzi nkokwanira. Nchifukwa chake migodi yeniyeni imapereka nyali za pachipewa zomata bwino zosatulutsa moto, kuphatikiza kamakina koyeza gasi kamene kamalira zinthu zikavuta, ndipo machesi ndi fodya amalanda pakhomo pomwe, funsani agogo amene anapita ku Joni pa WENELA akuuzani.

Tisamaone ngati ndi za azungu zokha izi. Pa 6 June 1972 mgodi wa Wankie, lero Hwange ku Zimbabwe, unaphulika ndi gasi komanso fumbi la malasha, anafa anthu oposa 400 ndipo Amalawi analimo.

Ndiye a unduna woona za migodi, popereka ziphaso kwa okumba ang'onoang'ono bwanji osamafunsanso za nyali ndi makina oyezera mpweya? Nzodula inde, koma gulu la anthu khumi likhoza kusonkherana nkugula kamakina kamodzi. Malasha tili nawo ku Rumphi kuno, maenje akungozama tsiku ndi tsiku, oyendera migodi azifika ndithu adzaone zimene ana athu amavala pamutu akamatsika.

Wowerenga wanu,
Rumphi