Kwa mwana wanga, usanachoke pa mpingo umene unatumidwako

Mwana wanga,

Kalata yako yandipeza, ndipo ndaiwerenga mofatsa. Ndamva kuti mtima suli m'malo. Akuluakulu a mpingo anakutumiza ku kampingo kakang'ono, kodzaza nkhalamba, pomwe iwe unkayembekezera malo aakulu. Anzako akukuuza kuti mphatso yako ikupita pachabe, ndipo wayamba kulingalira zochoka kuti ukayambe utumiki wakowako. Wandifunsa maganizo anga, ndiye ndikuuza mosapita m'mbali, pakuti ndiwe munthu wamkulu tsopano.

Kuchokako pakokha sikukundiopsa. Alipo atumiki amene Mulungu amawachotsadi pamalo n'kuwatuma kukayamba ntchito yatsopano. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene wawabwereza m'kalata yonse, akuti "Mulungu wandiuza." Ndafufuza malo amodzi okha pamene Mulungu wakuuza chinthu chimene iwe sunkachifuna kale, koma sindinawapeze. Zonse zimene ukuti wakuuza ndi zomwezo unkazilakalaka uli ku sukulu ya zaubusa: khamu, dzina, ufulu wosayankha kwa munthu. Pamenepo ndi pofunika kuima kaye. Mawu amene amavomera chilichonse chimene mtima wako ukufuna, nthawi zambiri amakhala ako omwe.

Tsegula Machitidwe a Atumwi mutu 8, uwerenge nkhani ya Filipo mosathamanga. Ku Samariya zinthu zinkamuyendera bwino kwambiri. Makamu ankamumvetsera, mizimu yoipa inkatuluka ikufuula, opuwala ankachira, mzinda wonse unadzaza chimwemwe. Mlaliki aliyense akanamanga maziko pomwepo. Koma pa vesi 26 mngelo akumuuza kuti anyamuke apite kummwera, ku msewu wochokera ku Yerusalemu kutsikira ku Gaza, msewu wa m'chipululu. Sanamuuze chifukwa chake. Filipo ananyamuka. Ndipo kumeneko anakapeza munthu mmodzi, nduna yosunga chuma cha Kandake, mfumukazi ya Aetiopiya, atakhala m'galeta lake akuwerenga Yesaya osamvetsa. Filipo anathamangira galetalo, n'kufunsa funso limodzi, n'kukwera kukakhala pambali pake, n'kumufotokozera za Yesu kuyambira pa ndime imene ankawerengayo. Anamubatiza m'madzi a m'mbali mwa njira, ndipo sanaonanenso. Pambuyo pake Baibulo likumutchula Filipo pa mutu 21, ali ku Kaisareya, akulandira Paulo m'nyumba mwake, ali ndi ana aakazi anayi onenera. Sitiwerenga paliponse kuti anadandaula kuti amuchotsa pa khamu n'kumupatsa munthu mmodzi.

M'mutu 8 womwewo muli munthu wina, Simoni wamatsenga. Nayenso anakhulupirira, anabatizidwa, ndipo ankatsatira Filipo kulikonse akuzizwa ndi zizindikiro. Ataona kuti anthu akulandira Mzimu Woyera atumwi akawasanjika manja, anatulutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petro anamuuza kuti mtima wake sunali wolungama pamaso pa Mulungu. Taona, Simoni sankafuna chinthu choipa. Ankafuna mphatso yeniyeni ya Mulungu, koma kuti anthu apitirize kumutcha wamkulu monga ankachitira kale. Sindikunena kuti ndiwe Simoni, mwana wanga. Ndikunena kuti anthu awiriwa anali mumzinda umodzi, m'chitsitsimutso chimodzi, ndipo woonera patali sakanawasiyanitsa msanga.

Paulo nayenso anakanizidwa zinthu zabwino. Pa mutu 16, Mzimu anamuletsa kulalikira ku Asiya, atayesa kulowa ku Bitiniya anamukanizanso, mpaka anakafika ku Trowa kumene anaitanidwira ku Makedoniya. Munga wa m'thupi lake anaupempherera katatu, ndipo sunachotsedwe.

Usandimve molakwa. Kugonjera chifuniro cha Mulungu si kutseka pakamwa ayi. Ku Getsemane Ambuye wathu anapempha momveka kuti chikho chija chimupitirire, ndipo anabwereza pempherolo katatu, thukuta lili chuchuchu. Ananena zimene ankafuna, kenako n'kuzisiya m'manja mwa Atate. Nawenso muuze Mulungu kuti malowo sukuwakonda. Lira ngati kulira kukubwera. Pita kwa akuluakulu ako uwauze maso ndi maso kuti ukuvutika, m'malo momaulula kwa anzako pa foni. Ndiponso akuluakulu a mpingo si Mulungu. Amalakwitsa, ena amakondera. Tsiku limene adzakuuza kuti unene bodza, ubise kuba, kapena uphimbe tchimo la munthu wolemera, pamenepo uyankhe monga Petro pa Machitidwe 5:29, kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Koma kukutuma kwa anthu ochepa si tchimo. Chimene chapweteka pamenepa ndi ulemu wako, chikumbumtima chako sichinakhudzidwe.

Bambo ako ankakonda kutchula mbusa wa ku Germany, Dietrich Bonhoeffer. Mu 1939 anzake anamupezera malo abwino ku New York kuti apulumuke ku ulamuliro wa Hitler. Anangokhalako masabata owerengeka n'kubwerera, poona kuti sangadzathandize kumanganso mpingo wa kwawo ngati sanavutike limodzi ndi anthu ake. Boma la Hitler linamunyonga kundende ya Flossenbürg pa 9 April 1945, ali ndi zaka 39. Iwe palibe akufuna moyo wako. Ukungopemphedwa kukhala pamene sakukuombera m'manja.

Tsopano ndikuuze chimene chimandipweteka ngati mayi ako. Mavidiyo ako pa Facebook ndimawaonera onse. Ukayamba kupemphera kamera ikuyang'ana, mawu ako amasintha. Umakweza, umakoka mawu, umapuma pamene ukudziwa kuti anthu anena "Ameni." Ine ndikudziwa mmene umapempherera ukakhala pa vuto lenileni. Usiku umene mwana wako ankabanika, unagwada pambali pa bedi, mawu ako anali aafupi ndi onjenjemera, ena osamalizika n'komwe. Munthu ameneyo ndi amene Mulungu anamuitana. Wa m'mavidiyo uja akundiopsa, chifukwa akukula msanga kuposa mnzakeyo, ndipo ukadzakhala wopanda wokudzudzula, adzamumeza. Pa Mateyu 7:22-23, anthu amene Yesu adzawauza kuti sanawadziwe konse si achikunja. Ndi anthu onenera ndi otulutsa ziwanda m'dzina lake.

Nkhalamba ukuzipeputsazo zingakuphunzitse zimene khamu silingathe. Mayi wosamva bwino amene uyenera kumubwerezera Salimo 23 pafupi ndi khutu, bambo amene waiwala dzina lako koma nyimbo zonse akuzikumbukira, wamasiye amene akufuna ungokhala naye osanena kanthu: pamenepo luso la kulankhula siligwira ntchito. Umatuluka m'nyumbamo palibe wakujambula, palibe wakuyamika, ndipo umadziwa bwinobwino chimene wapitira. M'busa amafunika kuwadziwa anthu ake ndi mayina awo, ndi matenda awo, ndi ana awo amene anasiya kupemphera. Kodi onse a pa mpingo wakowo ukuwadziwa chotero? Ngati ayi, ntchito imene unapatsidwa sunaiyambe, ndiye ungaitope bwanji?

Pempho langa ndi ili. Usalengeze kanthu panopa. Khala pansi ndi mkazi wako umufunse maganizo ake enieni, ndipo akamayankha usamudule. Iyeyo ndi amene adzasenza nawe zotsatira zake. Funa m'busa wachikulire amene sakukuopa komanso sadzapindula kanthu ukachoka, umuuze zonse, ngakhale za nsanje imene umamva ukaona mipingo ya anzako. Ndipo popemphera, dzifunse moona mtima ngati ungathe kukhala pomwepo Mulungu atakuyankha kuti ayi. Ukadzafika povomereza zimenezo ndi mtima wonse, kuitanako n'kukhalapobe, udzandiuze. Ine ndidzakhala woyamba kukudalitsa, ndipo udzachoke utatsanzikana bwino ndi akuluakulu ako, osatenga nkhosa za mpingo umene unakulera.

Undiperekere moni kwa apongozi anga ndi adzukulu anga. Ndikukupempherera tsiku ndi tsiku. Undiyankhe ukalankhula ndi mkazi wako.

Ndine mayi ako.