Usasayine Pepala Limenelo

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, kupatula bondo la amayi ako lomwe layambiranso. Dzuwa la Okutobala latiwotcha, usiku tikugona panja.

Mlongo wako wandiuza zimene iwe sunafune kundiuza. Akuti iwe ndi mnzako uja wa njinga yamoto mukufuna kugula makina oyeretsera madzi, aja amati reverse osmosis, kuti muzigulitsa madzi m'zigubu pa Nchalo. Akutinso ndalama yake ndi ya katapila, ndipo chikole ndi ng'ombe ziwiri zija. Ndinamufunsa kawiri, ndimayesa makutu akundinamiza.

Ganizo lokhalo si lopusa, ayi. Ndine amene ndinkakutuma kumjigo wa kuseri kwa tchalitchi, iwe n'kumabwera ukulavula. Tiyi ankamveka ngati msuzi, sopo osachita thovu. Malo ambiri m'chigwa muno madzi apansi ndi amchere, ndipo mchere suopa moto: ukawiritsa, madzi amachoka ngati nthunzi, mchere n'kutsala wochulukirapo mumphika. Klorini amapha tizilombo koma mchere saukhudza. Kasefa kadothi ka amayi ako kamagwira matope ndi tizilombo tambiri, mchere umangodutsa. Makina anuwo ndiye amauchotsadi. Pamenepo mnzakoyo sananame.

Koma ine ndagwira ntchito ya madzi a boyila kufakitale mpaka imvi, makinawa ndikuwadziwa m'mimba mwake. Madzi amayamba adutsa pafyuluta yogwira mchenga ndi matope. Kenako pamakala, ochotsa fungo ndi klorini, chifukwa klorini akafika pa membrane amaidya. Membrane imeneyo ndi kansalu kopyapyala kokulungidwa m'kati mwa paipi, ndipo ndiyo yodula. Pampu imakankhira madzi pamenepo mwamphamvu, madzi okha n'kupyola, mchere ndi tizilombo n'kutsalira mbali ino. Madzi akakhala amchere kwambiri, pampu imafunikanso yamphamvu kwambiri.

Tsono ndikufunse. Mnzakoyo anakumwetsa madzi oyera m'tambula. Anakuonetsa paipi yachiwiri? Makinawa amatulutsa madzi kuwiri: abwino uku, otsala ndi mchere wonse uko. Timakina ting'onoting'ono tina timataya malita atatu kapena anayi kuti upeze lita imodzi yakumwa. Akuluakulu amataya ocheperapo, komabe amataya. Madzi otayikawo unawagula kapena kuwapopa ndiwe, ndipo suungawathire m'dimba, amapsereza mbewu. Ukawathira kuti, pakhomo pa lendi?

Usasayine pepala limenelo.

Pampu imadya magetsi. Wayiwala mdima umene tinakhalamo namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022? Magetsi akazima makina amagona, koma wa katapila sagona. Ndipo membrane ikakhala masiku osagwira ntchito, yosasamalidwa, imachita ndere n'kutsekeka. Nthawi ya mvula madzi akafiira, fyuluta yoyamba ija imadzaza msanga, ukachedwa kusintha matope amakapha membrane. Zosinthira zake pa Nchalo uzigula m'sitolo iti? Ndi ulendo wokwera Thabwa mpaka ku Blantyre, thiransipoti yako. Madzi ogulitsa m'mabotolo amafunanso chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Zonsezi mnzakoyo anaziwerengera, kapena anangowerengera zigubu?

Ndikamuganiza mnyamata ameneyu mutu umandiwawa. Si yemwe uja munapita naye ku Bangula kukapikula mlamba wouma, iwe n'kubwerako ndi ngongole, iye ndi foni yatsopano? Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Iye akuika chiyani pachikole? Pakamwa pokha. Ng'ombe ndi zako, ndiponso si zako wekha. Yamawanga ija tinaikoka ndi chingwe madzi ali m'chiuno chaka cha 2015, iwe uli kutsogolo ukulira, ine ndikukukalipira kuti usasiye chingwe. Sunasiye. Ndinakunyadira tsiku limenelo ngakhale sindinakuuze.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ichi. Madzi otuluka m'makinawo alibe klorini ngakhale pang'ono, ndiye alibe chowateteza. Ukawathira m'chigubu chosatsuka, kapena wina akapisamo kapu ndi dzanja lakuda, tizilombo timabwereramo madziwo akuonekabe mbee. Kolera ya 2022 ndi 2023 unaiona ndi maso ako, mahema aja pachipatala, maliro oikidwa mothamanga. Ana a eni ake akatsekula m'mimba, anthu sadzafunsa za mnzakoyo. Adzati madzi a mwana wa uje. Dzina limenelo ndi langa.

Za mdzukulu wanga, muuze mpongozi wanga asasiye kuthira WaterGuard kapena klorini wa alangizi azaumoyo m'ndowa, adikire theka la ola asanamwe, ndowayo ikhale yovundikira. Ndamva kuti mwagula kafyuluta komangirira pampopi n'kusiya mankhwala. Ngati ndi ka makala chabe, kamangokometsa madzi, kolera sikamugwira. Bwererani ku mankhwala lero lomwe.

Sindikuti usachite bizinesi. Uli ndi banja, malipiro ndi ochepa, ndikudziwa. Ngati mtima wakakamira pamadzi, yamba wakayezetsa madzi a pamalopo kuti tidziwe mchere wake ndi wochuluka bwanji, ufunse mtengo wa membrane ndi mafyuluta a chaka chonse, tikhale pansi ndi pensulo. Koma ng'ombe zisatuluke m'khola, ndipo usasayine.

Bwera Loweruka, wekha, pepalalo ulitenge. Amayi ako akusungira malambe, akuti ubwere ndi mankhwala opaka a bondo aja, a m'kabotolo kobiriwira.

Ndine bambo ako.